Atomu, maaisotopu ndi mbiri yake: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndakhala ndikuwamva chaka ndi chaka, ena m'kalasi ya Chemistry, ena kwa makolo amene atsegula kope la mwana n'kupezamo timizere tozungulira tokhala ndi timadontho, osadziwa kuti mwana akujambula chiyani. Ndayamba ndi osavuta. Amene mukukonzekera MSCE mungathe kudumphira pa funso limene lakuvutani, koma la zimene zili m'kati mwa atomu musalilumphe, chifukwa mayankho ambiri atsamira pamenepo.

Kodi atomu ndi chiyani kwenikweni?

Tengani khala la pa mbaula, mulisinje mu mtondo mpaka lisanduke fumbi. Kafumbi kalikonse kakadali khala. Mukanakhala ndi njira yopitiriza kukagawa osalekeza, mukanafika pa kanthu kotsiriza kamene kakadali kaboni, chinthu chimene chimapanga khala, koma kamene mukangokaswa basi, si kaboninso ayi. Kanthu kameneko ndiye atomu.

Chinthu chopangidwa ndi maatomu a mtundu umodzi wokhawokha chimatchedwa elementi. Golide ndi elementi, kopa amene amakumbidwa ku Kitwe ndi ku Chingola ndi elementi, okosijeni amene timapuma nayenso. Maelementi odziwika alipo 118. Pafupifupi 90 amapezeka m'chilengedwe, otsalawo amachita kupangidwa ndi anthu. Madzi si elementi: maatomu awiri a haidirojeni amagwirana ndi imodzi ya okosijeni, ndipo kagulu kotero timakatcha molekyu.

Ndi yaing'ono bwanji? Alipo amene anaionapo?

Yang'anani pa lula, kampata ka milimita imodzi. Maatomu pafupifupi 10 miliyoni atandandalika phewa ndi phewa, ndi pamene angadzaze kampatako. Kapena tinene chonchi: m'dontho limodzi la madzi muli mamolekyu ochuluka kuposa madontho onse amene ali m'Nyanja ya Malawi.

Maikulosikopu ya kusukulu, ija yoyendera kuwala, singaonetse atomu ngakhale mutaipukuta bwanji. Mu 1981 Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer, ku Zurich, anapanga makina okhala ndi kansonga kakuthwa kwambiri kamene kamayenda pamwamba pa chinthu ngati chala chofufuza mu mdima, kompyuta n'kumajambula timitunda timene kansongako kakumana nato. Timitundato ndi maatomu. Mu 1989 akatswiri a kampani ya IBM anakankha maatomu 35 a xenon imodziimodzi mpaka kulemba nawo dzina la kampani yawo.

M'kati mwa atomu muli chiyani?

Muli tinthu ta mitundu itatu. Pakatikati pali phata, limene m'mabuku amalitcha nyukiliyasi, ndipo m'phatamo muli mapulotoni ndi manyutuloni. Kunja kwake kuli maelekitironi.

Aliyense amene anaikapo mabatire mu tochi amadziwa kuti pali mbali ya pozitivi ndi ya negetivi. Pulotoni ili ndi chaji ya pozitivi, elekitironi ya negetivi, nyutuloni ilibe chaji. Pozitivi ndi negetivi zimakokana, n'chifukwa chake maelekitironi sathawa. Mu atomu imene sinapereke kapena kulandira kalikonse, mapulotoni ndi maelekitironi amakhala ochuluka mofanana, chaji n'kuthetsana.

Pa kulemera ndiye pali kusiyana kwakukulu. Pulotoni ndi nyutuloni zimalemera pafupifupi chimodzimodzi, koma pamafunika maelekitironi 1,836 kuti afanane ndi pulotoni imodzi. Kulemera konse kwa atomu tingati kuli m'phata. Chodabwitsa n'chakuti phatalo ndi laling'ono zedi. Atomu itakula ngati bwalo la Bingu National Stadium, phata lake lingakhale ngati njere ya chitowe pamene amayambira mpira, maelekitironi ali uko ku mipando ya ochemerera. Zithunzi za m'mabuku zimajambula phata lalikulu ngati dzira chifukwa choti pepala n'lochepa, basi.

Ngati mbali yaikulu ndi malo opanda kanthu, bwanji dzanja langa sililowa m'khoma?

Chifukwa kunja kwa atomu iliyonse kuli maelekitironi, a m'dzanja lanu ndi a m'njerwa omwe. Onsewo ndi negetivi, choncho amakankhana, komanso maelekitironi ali ndi khalidwe lakuti salola kupanikizidwa pa malo amene anzawo akhalapo kale. Kulimba kumene mumamva mukagunda khoma ndi kukanizana kumeneko.

Atomic number ndi mass number zimasiyana pati?

Atomic number ndi chiwerengero cha mapulotoni, ndipo ndiyo imene imauza kuti elementi ndi iti. Mapulotoni 6 ndi kaboni, 8 ndi okosijeni, 79 ndi golide. Palibe kaboni wa mapulotoni 7. Ameneyo ndi nayitirojeni. Mass number ndi mapulotoni kuphatikiza manyutuloni. Sodiyamu ali ndi atomic number 11, mass number 23, ndiye manyutuloni ake ndi 23 kuchotsa 11, kutsala 12.

Pochonga mayeso, cholakwa chimene ndimakumana nacho kawirikawiri n'chakuti mwana waphatikizamo maelekitironi mu mass number. Salowamo. Maelekitironi amabwera n'kupita. Sodiyamu akapereka elekitironi imodzi kwa kolorini, onse awiri amatsala ndi chaji, amatchedwa maayoni, amakokana, ndipo chotuluka chake ndi mchere wothira m'ndiwo. Koma sodiyamuyo akadali sodiyamu, popeza mapulotoni ake 11 sanakhudzidwe.

Nanga aisotopu n'chiyani?

Ndi maatomu a elementi imodzi, mapulotoni ofanana, koma manyutuloni osiyana. Ali ngati mapasa ofanana nkhope ndi khalidwe, koma wina akakwera pa sikelo amaposa mnzake.

Haidirojeni wamba ali ndi pulotoni imodzi, nyutuloni alibe. Alipo wina wa nyutuloni imodzi, deuterium, amene Harold Urey anamupeza mu 1931 ndipo amapezeka pang'ono m'madzi alionse amene timamwa. Wachitatu, tritium, ali ndi manyutuloni awiri. Kaboni ali ndi kaboni-12, kaboni-13 ndi kaboni-14. Nambala ya kumapetoyo ndi mass number. Tini ndiye katswiri, ali ndi maaisotopu 10 okhazikika.

Pa nkhani yosakanikirana ndi zinthu zina, maaisotopu a elementi imodzi amachita zofanana, chifukwa zimenezo zimayendera maelekitironi, ndipo maelekitironi awo ndi ofanana. Dzinali analifalitsa ndi Frederick Soddy mu 1913, koma amene anamupatsa ganizo ndi dokotala wa ku Scotland, mayi Margaret Todd. M'Chigiriki limatanthauza "malo amodzi", popeza onse amakhala m'kabokosi kamodzi pa periodic table, tchati chimene chimasanja maelementi onse.

Bwanji kolorini amalembedwa 35.5? Kodi pali theka la nyutuloni?

Palibe. Nambalayo ndi avareji. Mwa maatomu anayi alionse a kolorini, pafupifupi atatu ndi kolorini-35 ndipo imodzi ndi kolorini-37. Zili ngati munthu ali ndi matumba anayi a chimanga, atatu a makilogalamu 35, limodzi la 37. Onse pamodzi ndi 142, kugawa panayi ndi 35.5, ngakhale kuti palibe thumba limene likulemera 35.5.

Nambala ya kolorini inazunguza mitu akatswiri kwa zaka zambiri, mpaka Francis Aston, ku Cambridge mu 1919, atapanga makina olekanitsa maatomu potengera kulemera kwake. Anaona kuti neon ndi wosakaniza wa 20 ndi 22, kolorini wa 35 ndi 37.

Kodi maaisotopu onse ndi oopsa?

Ayi ndithu. Mawuwa anangoipira kumveka pamodzi ndi nkhani za mabomba. Kaboni-12 ndi aisotopu, ndipo thupi lanu ladzaza naye.

Ena phata lawo silikhazikika, chifukwa manyutuloni achuluka kapena achepa, kapena phatalo langokula mopitirira. Oterewa amasweka okha, n'kutulutsa cheza chosaoneka ndi maso chimene timati radiyeshoni. Henri Becquerel anachitulukira mwangozi mu 1896 ku Paris, pamene mchere wa yureniyamu unadetsa mbale zojambulira zithunzi zimene zinali zokutidwa bwinobwino. Marie ndi Pierre Curie anapitiriza, n'kupeza polonium ndi radium mu 1898.

Aisotopu iliyonse yotere ili ndi liwiro lake losweka. Nthawi imene imatenga kuti theka la maatomu lisweke imatchedwa half-life. Ya ayodini-131 ndi masiku 8: mukayamba ndi magalamu 16, pakatha masiku 8 atsala 8, pakatha 16 atsala 4. Onani kuti sathera pa ulendo wachiwiri. Nthawi zonse chimachoka ndi theka la zotsalazo.

Kuopsa kumadalira kuchuluka ndi mtundu wa chezacho. M'nthochi, mu nyemba, ngakhale m'minofu yanu muli potaziyamu-40 pang'ono, amene amatulutsa cheza tsiku ndi tsiku popanda vuto. Madokotala amachiza chithokomiro ndi ayodini-131, amawotcha zotupa za khansa ndi cheza cha cobalt-60, ndipo amaunika m'thupi ndi technetium-99m, amene half-life yake ndi maola 6 okha. Amodzi mwa malo ochepa padziko lonse opangira aisotopu imene imasweka n'kubala technetium ameneyu ndi SAFARI-1, ku Pelindaba pafupi ndi Pretoria.

Amadziwa bwanji zaka za mafupa kapena makala akale?

Mtengo ukamakula umatenga kaboni mu mpweya, ndipo mu kaboniyo muli kaboni-14 pang'ono. Nyama ndi anthu amamulandira kudzera m'chakudya. Chamoyo chikafa chimasiya kulandira watsopano, amene analipo n'kumasweka, theka pa zaka 5,730 zilizonse. Ndiye ofukula za makedzana akapeza makala pamene panali ng'anjo kapena mudzi, amayeza kaboni-14 wotsala n'kuwerengera cham'mbuyo. Njirayi anaikonza ndi Willard Libby chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Ili ndi malire. Zikapitirira zaka pafupifupi 50,000, wotsala amachepa kwambiri moti sayezeka. Chigaza chotchuka cha ku Kabwe, chimene ogwira ntchito mu mgodi wa Broken Hill anachipeza mu 1921 ndipo chikusungidwa ku London, n'chakale kuposa pamenepo. Akatswiri anachiyeza ndi maaisotopu a yureniyamu, ndipo mu 2020 analengeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000.

Kodi yureniyamu wa ku Kayelekera angapangire bomba?

Mmene amachokera pa mgodi, ayi. Mgodi wa ku Karonga uja unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itatsika, n'kuyambiranso mu 2025. Chimene chimatuluka kumeneko ndi ufa wotchedwa yellowcake.

Apa ndi pamene nkhani ya maaisotopu imasanduka nkhani ya ndale za dziko lonse. Mwa maatomu 1,000 a yureniyamu wa m'nthaka, 7 okha ndi yureniyamu-235, amene amasweka mosavuta nyutuloni ikamugunda. Otsalawo pafupifupi onse ndi yureniyamu-238. Malo ambiri opangira magetsi amafuna kuti 235 afike 3 mpaka 5 pa 100 alionse. Bomba limafuna cha m'ma 90. Kuwalekanitsa n'kovuta kwambiri pa chifukwa chimene tanena pa funso la aisotopu: khalidwe lawo ndi limodzi, palibe asidi amene angasungunule wina n'kusiya mnzake. Amangosiyana manyutuloni atatu, ndipo pamafunika mafakitale akuluakulu, amene mayiko ochepa okha ali nawo, kuti apete kusiyana kochepako.

Izi sizikutanthauza kuti mgodi wa yureniyamu ndi wosewera nawo. Fumbi lake, mpweya wa radon ndi madzi otsukira miyala zimafuna kusamala, ndipo anthu okhala pafupi akamafunsa za zimenezi sakulakwa. Komanso yureniyamu wa mu Africa analowapo kale m'mabomba: wambiri amene America inagwiritsa ntchito pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anachokera ku Shinkolobwe, ku Katanga m'dziko la Congo.

Anayamba kuganiza za atomu ndani?

Agiriki awiri, Leucippus ndi wophunzira wake Democritus, zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Mawu akuti atomos amatanthauza "chosadulika". Ku India nakonso, munthu wanzeru wotchedwa Kanada anaphunzitsa zofananako. Koma onsewa ankangolingalira, analibe choyezera. Aristotle anakana, nati zonse zimachokera ku dothi, madzi, mpweya ndi moto, ndipo popeza anali munthu womveka, mawu ake anagwira kwa zaka pafupifupi 2,000.

Nanga John Dalton anawonjezerapo chiyani?

Anabweretsa sikelo. Dalton anali mphunzitsi ku Manchester. Ena asanabwere iye anali ataona kale kuti zinthu zikamasakanikirana kulemera konse sikusintha, komanso kuti zimagwirana pa milingo yokhazikika. Iye anaona chinanso: kaboni wolemera mofanana amapanga mipweya iwiri ndi okosijeni, ndipo mu wachiwiriwo okosijeni ndi wowirikiza kawiri ndendende. Bwanji osati kawiri ndi kachidutswa? Chifukwa okosijeni amabwera m'timagawo tathunthu, monga mazira, amene simungagule limodzi ndi theka. Anazilemba m'buku lake la 1808.

Zina analakwitsa. Ankati molekyu ya madzi ili ndi haidirojeni mmodzi, ankati atomu singagawike, ankatinso maatomu onse a elementi imodzi amalemera mofanana, pamene maaisotopu akutsutsa zimenezo. Ndipo si onse anamukhulupirira. Akatswiri ena otchuka anakanabe mpaka Albert Einstein, mu 1905, atawerengera mmene mamolekyu a madzi amakankhira tizinthu toyandama, Jean Perrin n'kudzatsimikizira poyeza zaka zochepa pambuyo pake.

Zinadziwika bwanji kuti atomu ili ndi phata?

Poyamba J.J. Thomson, ku Cambridge mu 1897, anapeza kuti m'chubu chagalasi chochotsedwa mpweya mumayenda tinthu ta negetivi topepuka kwambiri kuposa atomu iliyonse, ndipo n'tofanana kaya chitsulo chimene tachokerako ndi chanji. Anali maelekitironi. "Chosadulika" chija chinapezeka kuti chili ndi ziwalo. Thomson anaganiza kuti atomu ili ngati vwende: mnofu wa pozitivi paliponse, maelekitironi omwazikamo ngati njere.

Mu 1909, ku Manchester, Ernest Rutherford anapatsa ntchito Hans Geiger ndi Ernest Marsden, mnyamata wa zaka 20 amene anali asanamalize ngakhale digiri. Ankawombera tinthu ta alpha, tolemera ndiponso tothamanga kwambiri, pa golide wosulidwa kupyapyala kuposa pepala. Kanthu kalikonse kakagunda galasi lopakidwa mankhwala kankathwanima pang'ono, ndipo iwo ankakhala m'chipinda cha mdima, kudikira maso azolowere, n'kumawerenga kuthwanimako kamodzikamodzi pa maikulosikopu. Ntchito yotopetsa maso.

Ngati vwende la Thomson linali loona, tonse tikanadutsa mongopatuka pang'ono. Tambiri tinadutsadi. Koma kamodzi mwa zikwi zingapo kankabwerera kumene kachokera. Yerekezani kuti mwakoka legeni, mwalasa nyuzipepala yopachikidwa pa chingwe, mwala n'kubwerera kudzakumenyani pamphumi. Rutherford anasinkhasinkha pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mu 1911 anapereka yankho: chaji yonse ya pozitivi ndi kulemera zaunjikana pa kamalo kakang'onong'ono pakati. Tambiri tinkadutsa chifukwa sitinkakumana ndi kanthu. Tochepa tija tinkalunjika pa phata penipeni.

Bwanji maelekitironi sagwera m'phata, poti amakokedwa?

Funso limeneli ndi limene linasowetsa tulo akatswiri, chifukwa malamulo a sayansi a nthawiyo ankati ayenera kugweramo m'kuphethira kwa diso. Niels Bohr wa ku Denmark, mu 1913, anati elekitironi siingakhale paliponse, ili ndi malo ake oikika, ngati masitepe: mungaime pa loyamba kapena lachiwiri, koma osati pakati. Ikatsika kuchoka pa sitepe lapamwamba imatulutsa kuwala kwa mtundu wokhazikika. Mchere ukagwera pa moto, lawi limachita chikasu: ameneyo ndi sodiyamu, maelekitironi ake akutsika sitepe.

Masamu a Bohr anagwira bwino pa haidirojeni, pa maatomu akuluakulu n'kulephera. Louis de Broglie mu 1924 anati elekitironi imachitanso zinthu ngati funde, Erwin Schrödinger mu 1926 analemba masamu a fundelo, ndipo Werner Heisenberg mu 1927 anaonetsa kuti n'zosatheka kudziwa ndendende pamene elekitironi ili ndi mmene ikuthamangira pa nthawi imodzi. Lero sitinenanso za kanjira kozungulira. Timanena za dera limene elekitironi imapezekamo kawirikawiri, lotchedwa orbital.

Ngati chithunzi cha Bohr n'choperewera, tikuchiphunziriranji?

Chifukwa chimagwira ntchito pa zimene mukufuna panopa. Mukalemba sodiyamu 2.8.1 ndi kolorini 2.8.7, kutanthauza maelekitironi amene ali pa sitepe lililonse, mukuoneratu kuti wina ali ndi imodzi yotsalira, wina ikumusowa imodzi, ndipo mwamvetsa mchere. Mwamvetsanso chifukwa chake Dmitri Mendeleev, posanja maelementi mu 1869, ankaona khalidwe likubwerezabwereza, ngakhale iye za maelekitironi sankazidziwa. Pa maelementi 20 oyambirira chithunzichi chimakwanira.

Chimene sindigwirizana nacho ndi kuloweza mayina anayi, Dalton, Thomson, Rutherford ndi Bohr, ndi zithunzi zawo zinayi za atomu ngati mndandanda wa mafumu. Pa aliyense dzifunseni kuti: anaona chiyani chimene chithunzi chakale chinalephera kufotokoza? Mukayankha limenelo, zaka ndi mayina zimakhala zokha m'mutu.

Nyutuloni inachedweranji kupezeka?

Ilibe chaji, ndiye maginito saikhotetsa ndipo siisiya mapazi m'zipangizo zimene ankagwiritsa ntchito. Ankadziwa kuti chinachake chikusowa: helium ali ndi mapulotoni awiri koma amalemera ngati anayi. Rutherford analosera za nyutuloni mu 1920, James Chadwick n'kuipeza mu 1932. Apa m'pamene maaisotopu a Soddy anamveka chifukwa chake. Patangotha zaka 6, Otto Hahn ndi Fritz Strassmann ku Berlin anagunda yureniyamu ndi manyutuloni, ndipo Lise Meitner ndi Otto Frisch anazindikira kuti phata lang'ambika pawiri.

Kodi mapulotoni ndi manyutuloni ndiwo mathero?

Ayi. Chilichonse mwa ziwirizi chili ndi tinthu titatu totchedwa quark, timene Murray Gell-Mann ndi George Zweig, aliyense payekha, anatitchula mu 1964. Elekitironi yokha, mpaka pano, palibe amene waipeza ndi ziwalo.

Ndiye munthu angasandutse mtovu kukhala golide?

Ndi moto, asidi kapena mankhwala alionse, n'zosatheka, chifukwa zonsezo zimangokhudza maelekitironi. Mtovu uli ndi mapulotoni 82, golide 79. Pamafunika kuzula atatu m'phata.

Zimenezo zachitikapo. Ku CERN, malo ofufuzira za maatomu pafupi ndi Geneva, amathamangitsa maphata a mtovu pa liwiro loyandikira la kuwala, ndipo ena akaphonyana pafupi kwambiri amataya mapulotoni atatu. Mu 2025 analengeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 anapanga maphata a golide pafupifupi 86 biliyoni. Zikumveka zambiri, koma kumbukirani kuchepa kwa atomu: onse pamodzi sangaoneke ndi maso, sangagwedeze sikelo ya wogula golide aliyense, ndipo lililonse linkaphwanyika pa khoma la chubu sekondi isanathe.